Kuphunzitsa ana kuugwira mtima: njira iti ingatheke m'sukulu za ku Mangochi?

Pali luso lina lomwe silioneka pa lipoti la mwana, koma ndi lomwe nthawi zambiri limachititsa kuti mwanayo apitirize sukulu kapena aileke panjira. Ndikunena za mwana kudziwa kuti wapsa mtima asanaponye chibakera, kudikira mpaka mtima utsike, kuzindikira kuti mnzake wangoti duu chifukwa china chake chamupweteka, ndi kukana chinthu popanda kutukwana. Aphunzitsi, makolo ndi a komiti ambiri timagwirizana kuti zimenezi n'zofunika. Timasiyana pa njira yake. Sukulu ilibe nthawi, ndalama kapena aphunzitsi okwanira kuchita zonse, choncho iyenera kusankha poyambira, ndipo kusankha molakwika kumatha chaka chathunthu popanda chosintha.

Akatswiri awiri a ku America, Peter Salovey ndi John Mayer, ndiwo anayamba kulemba mwadongosolo za nzeru imeneyi mu 1990. Mu 2011, Joseph Durlak ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za mapulogalamu 213 a m'sukulu, okhudza ana oposa 270,000. Anapeza kuti ana ophunzitsidwa lusoli ankasintha khalidwe, nkhawa zinkachepa, ndipo ngakhale pa mayeso ankakhoza bwino: mwana wapakatikati pa ana 100 ankakwera ndi malo pafupifupi 11. Anapezanso zinthu ziwiri zomwe zikutikhudza kwambiri kuno. Choyamba, aphunzitsi wamba a m'kalasi ankatha kuphunzitsa zimenezi bwinobwino, sizinkalira katswiri wochokera kwina. Chachiwiri, mapulogalamu omwe ankapindula anali aja oyenda pang'onopang'ono mwandondomeko, opatsa ana mpata woyeserera, osati kungomvetsera.

Koma sukulu zambiri za m'kafukufukuyo zinali za ku America, za makalasi aang'ono. Kwathu kuno n'kwina. Boma la Mangochi linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni pa kalembera wa 2018, ndipo kuchokera pomwe pulayimale inakhala yaulere mu 1994, makalasi sanapumepo. Cholinga cha dziko ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma si zachilendo kupeza ana oposa 100 mu Sitandade 1 kapena 2. Ambiri amabwera akulankhula Chiyao, m'kalasi amakumana ndi Chichewa, kenako Chingerezi. Bambo a ena ali ku Joni ndipo amangomveka pa foni. Anyamata a m'mbali mwa nyanja, ku Makanjira, ku Malindi, ku Msaka kapena ku Malombe, amachezera padoko usiku n'kubwera m'kalasi maso ali psuu. Njira iliyonse tiyenera kuiyesa ndi mwana ameneyu komanso ndi mphunzitsi ameneyu.

Phunziro la Life Skills

Iyi ndi njira yomwe tili nayo kale. Life Skills ili pa ndandanda wa maphunziro, mabuku ake amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo mitu yake ndi yomweyi tikukambayi: kudzidziwa, kudzidalira, kuthana ndi nkhawa, kumvera ena chisoni, kuthetsa mikangano mwamtendere, kupanga chisankho. Ubwino wake ndi waukulu ndipo tisaupeputse. Imafika kwa mwana aliyense wolowa m'kalasi, silira ndalama zina zapadera, ndipo palibe kholo lingadabwe kuti zachokera kuti.

Vuto lake lagona pa mayeso. Pa mayeso a Sitandade 8 a MANEB pali pepala la Arts and Life Skills, ndipo chilichonse cholembedwa pa mayeso kuno chimasanduka choloweza. Mphunzitsi amalemba pabolodi njira zothetsera mkangano, ana amakopera, amaimba pamtima, amakhoza. Belu la buleki likalira, omwewo amakagwirana m'khosi pamzere wa phala. Mwana angathe kutchula m'Chingerezi njira zinayi zochepetsera mkwiyo asanayesepo ngakhale imodzi ali wokwiya. Komanso mitu yozama imabwera m'makalasi apamwamba, pomwe ana ambiri omwe anali ofunika kuimva anasiya kale sukulu.

Phunziroli lingapulumutsidwe ngati theka la nthawi yake liperekedwa ku masewero. Ana awiri aimirire kutsogolo, wina akhale wokakamiza mnzake kujomba kuti apite kudoko, wina ayesere kukana. Kalasi inene pomwe wokanayo anafooka, ndiye abwereze. Zimadya nthawi, ndipo mphunzitsi wa Sitandade 8 yemwe akuthamangitsa silabasi adzadandaula. Ndikumumvetsa. N'chifukwa chake ndikuona kuti Life Skills payokha siingasenze katundu yenseyu.

Zochita za mphunzitsi tsiku ndi tsiku

Apa ndi pomwe mtima wanga uli, ndiye ndikhalitsapo. Njira iyi ilibe buku lakelake kapena nthawi yakeyake pa ndandanda. Ndi timachitidwe tating'ono tomwe mphunzitsi amabwereza tsiku lililonse mpaka ana atazolowera.

Mwachitsanzo, m'mawa asanayambe phunziro, mphunzitsi ajambule ndi choko nkhope zinayi pakona ya bolodi: yosangalala, yokwiya, yachisoni, yamantha, n'kuziika manambala 1 mpaka 4. Afunse kuti, "Lero mtima uli pati?" Mwana aliyense aonetse zala zake atazigunditsa pachifuwa, osati m'mwamba, kuti anzake akumbuyo asaone. Ngakhale ana atakhala 120, mphunzitsi amatha kuyendetsa maso kalasi yonse pa mphindi imodzi. Safunsa aliyense chifukwa chake pagulu. Amangosunga mumtima kuti kamtsikana kapakhomo kaja kaonetsa zala zitatu masiku otsatizana, ndipo pa buleki amakaitana pambali. Akatha amati onse apume mpweya wautali katatu, phunziro n'kuyamba. Zonsezi sizikwana mphindi zisanu.

Ena amati izi ndi zachibwana. Koma kutchula dzina la zomwe zili mumtima kuli ndi ntchito yake m'thupi. Mu 2007, Matthew Lieberman ndi anzake ku Los Angeles anajambula ubongo wa anthu omwe ankaonetsedwa zithunzi za nkhope zokwiya ndi zamantha. Munthu akatchula dzina la zomwe akuonazo, kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala, komwe kamadzutsa thupi pa nthawi ya mantha, kankachepa mphamvu. Ndiye mwana wopatsidwa mawu akuti "ndakhumudwa" kapena "ndachita manyazi" wapatsidwa chida. Ndipo mawuwo akhale a m'chiyankhulo chomwe mwanayo amalirira. Ngati ndi Chiyao, anene m'Chiyao. Mphunzitsi wochokera ku Dowa kapena ku Mzimba yemwe sachidziwa apemphe anawo amuphunzitse, alembe mawuwo papepala m'ziyankhulo zonse ziwiri n'kumata pakhoma. Ana amanyadira kwambiri kuphunzitsa aphunzitsi awo.

Pomwe njirayi imaonekera bwino ndi pa ndewu. Tiyerekeze anyamata awiri a Sitandade 4 amenyana chifukwa cha pensulo. Chizolowezi chathu n'chakuti onse agwade, kapena akatchetche udzu, nkhani n'kuthera pomwepo. Mphunzitsi wotsata njira iyi amawalekanitsa, wina kuno wina uko, osafunsa kanthu kaye chifukwa mtima uli m'mwamba sumva. Pa buleki amawaitana.

"Iwe, pomwe amakulanda pensulo paja, unamva bwanji?"

"Anayamba ndi iyeyu, Madamu."

"Ndamva, tifikako. Ndikufunsa za mumtima mwakomu."

Mwanayo amayang'ana pansi, amakanda dothi ndi chala cha kuphazi. "Anzanga amandiseka. Ndinachita manyazi."

"Nanga iwe, wamva kuti mnzako wati chiyani? Tabwereza."

Kubwereza kumeneko ndi komwe kumavuta, ndipo ndi komwe kuli phunziro. Wolanda uja ayenera kutulutsa ndi pakamwa pake kuti mnzake anachita manyazi chifukwa cha iye. Kenako naye amapatsidwa mpata, ndipo mwina zimadziwika kuti pensulo yake inatha sabata yatha ndipo agogo alibe ndalama. Chilango chingakhalepobe, koma chikhale chokonza chomwe chawonongeka: abweze, apepese, akhale limodzi pa ntchito ina.

Izi sizingayendere limodzi ndi mkwapulo. Unduna wa Maphunziro unaletsa kale kukwapula ana, koma tonse tikudziwa kuti ndodo ikadali kuseri kwa chitseko m'makalasi ambiri. Mphunzitsi yemwe m'mawa waphunzitsa kuugwira mtima, masana n'kukwapula mwana ali wolusa, wafafaniza yekha phunziro lake. Kodi n'zotheka kuyendetsa kalasi yodzaza popanda ndodo? Ku Uganda anayesa. Bungwe la Raising Voices linakonza ndondomeko yotchedwa Good School Toolkit, yomwe inayesedwa kwa miyezi 18 m'sukulu za pulayimale 42 m'boma la Luwero. Zotsatira zinatuluka mu 2015: m'sukulu zomwe zinatsata ndondomekoyi, ana 31 pa 100 ananena kuti anamenyedwa ndi ogwira ntchito pasukulu m'sabata yapitayo, pomwe m'sukulu zinazo anali 49 pa 100. Ndodo sinatheretu, koma inachepa kwambiri, ndipo zinachitika m'sukulu za ku Africa konkuno. Chomwe anachita chinali kugwira sukulu yonse pamodzi, ahedi, aphunzitsi, ana ndi makolo, n'kugwirizana malamulo ndi zilango zina.

Kufooka kwa njira iyi n'koonekeratu. Imadalira munthu. Mphunzitsi yemwe wapalasa njinga mtunda wautali chifukwa pasukulu palibe nyumba, ngongole ya katapila ikumudikira kumapeto kwa mwezi, sangapereke mtima wodekha womwe iye alibe. Mphunzitsi wabwino akasamutsidwa, zonse zimapita naye. Ndiye sukulu yosankha njira iyi iyambe ndi aphunzitsi eni ake. Pa misonkhano ya aphunzitsi pasukulu, ndiponso pa maphunziro a ku TDC (malo ophunzitsirako aphunzitsi) omwe a PEA (alangizi a sukulu za pulayimale) amayendetsa m'zoni, pakhale nthawi yoti aphunzitsi ayeserere okhaokha zokambirana ngati zili pamwambazi, komanso yoti anene zomwe zikuwalemera. Ndipo zikhale za sukulu yonse, zolembedwa ndi kugwirizanidwa, osati za Madamu mmodzi wamtima wabwino.

Makalabu, masewera ndi achinyamata otsogolera anzawo

Kalabu ya zisudzo, ya atsikana, kwaya, mpira wamiyendo ndi wamanja, zonsezi zimaphunzitsa zambiri popanda kuzitchula. Wogonja pa mpira amaphunzira kugwira dzanja la wopambana. Bungwe la CAMFED, lomwe linayamba ntchito m'Malawi mu 2009, limagwiritsa ntchito atsikana omwe anamaliza sukulu kuti abwerere kukatsogolera ana pa nkhani za moyo, ndipo nzeru imeneyi ndi yabwino: mtsikana amamasuka kwa achemwali omwe anakulira m'mudzi womwewo kuposa kwa aphunzitsi.

Koma kalabu imakumana ana akaweruka, ndipo amatsala ndi omwe ali kale bwino. Mnyamata yemwe tikumufuna kwambiri wathamangira kukayanika usipa, mtsikana wapita kukatunga madzi, ena ambiri ali ku madrasa. Kalabu ya ana 30 pasukulu ya ana 1,500 ndi yothandiza kwa 30 amenewo. Ndi yowonjezera, osati poyambira.

Uphungu wa mwana mmodzimmodzi

Pali ana omwe nkhope zinayi za pabolodi sizingawakwanire: wamasiye yemwe wangoika kumene mayi ake, wogwiriridwa, woumirizidwa banja, kapena mtsikana wobwerera kusukulu atabereka. Ndondomeko yolola atsikana otere kubwerera ilipo kuyambira 1993, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Masukulu atatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, Mangochi inamveka dziko lonse ndi nkhani za mimba ndi maukwati a ana. Ena mwa atsikanawo anabwerera, koma kubwerera ndi kukhalitsa n'zosiyana. Mtsikana akalowa m'kalasi anyamata n'kuyamba kumuitana kuti "make mwana", sabata siitha.

Mwana wotere amafunika munthu mmodzi womumvetsera mwachinsinsi. Sukulu zambiri zimasankha mphunzitsi wa uphungu, koma nthawi zambiri amakhala ndi kalasi yake yodzaza, alibe chipinda, ndipo m'sukulu zakutali aphunzitsi aakazi ndi ochepa. Chinsinsi chikaululika kamodzi m'chipinda cha aphunzitsi, palibe mwana adzabwerenso. Mlangizi ayeneranso kudziwa polekezera. Nkhani ya nkhanza si yothetsera pansi pa mtengo wa mango: ipite kwa a zachisamaliro cha ana, ku Victim Support Unit ya polisi, kapena pa nambala yaulere ya 116 yomwe amayendetsa a YONECO. Nambala imeneyi ilembedwe pakhoma la sukulu iliyonse.

Uphungu ndi wofunika, koma tisausokoneze ndi kuphunzitsa. Umathandiza mwana yemwe wavulala kale. Suphunzitsa kalasi yonse.

Amayi, mashehe ndi akuluakulu a m'mudzi

Mwana amakhala kusukulu maola ochepa, ndipo mtima wake umaumbidwa kwambiri kunyumba, ku madrasa, ku tchalitchi ndi kuchinamwali. Amayi a mother group, gulu la amayi a m'mudzi lothandiza ana kuti asasiye sukulu, amadziwa khomo lililonse, amalankhula chiyankhulo cha mwanayo, ndipo akagogoda kholo limatsegula. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa mu 2006 ntchito ya Friendship Bench, momwe agogo ophunzitsidwa kumvetsera amakhala pa benchi pafupi ndi chipatala n'kumathandiza anthu ovutika maganizo. Kafukufuku wa 2016 anaonetsa kuti zimathandizadi. Imeneyo inali ya akuluakulu, koma phunziro lake n'lakuti mayi wamba ataphunzitsidwa bwino angathe kugwira ntchito yomwe timaganiza kuti ndi ya akatswiri okha. Mawu ofunika ndi akuti ataphunzitsidwa. Mayi wosaphunzitsidwa, ngakhale ali wachikondi chotani, amathamangira kulangiza mwana asanamalize kulankhula.

Apa ndiyenera kunena chomwe ena sangakonde. Mwambo wathu umaphunzitsa ulemu, kupirira ndi kuthandizana, ndipo zimenezi ndi chuma. Koma nthawi zina umaphunzitsanso kubisa. Mnyamata amauzidwa kuti mwamuna salira, mtsikana kuti za m'nyumba saulula. Kuugwira mtima si kubisa. Wobisa amangosunga mpaka tsiku lomwe adzaphulike kapena kuthawa. Aphunzitsi ambiri kuno amadandaula kuti anyamata akachoka ku jando pa tchuthi cha Ogasiti, amabwera mu Seputembala atasintha, osafunanso kudzudzulidwa ndi mphunzitsi wamkazi. Kulimbana ndi mwambowo sikuthandiza. Chothandiza ndi ahedi ndi a komiti kukhala pansi ndi mafumu, angaliba (odula anyamata ku jando) ndi anankungwi tchuthi chisanayambe, n'kugwirizana kuti pa zomwe mnyamata akauzidwe ku ndagala pakhalenso zakuti mwamuna weniweni amatha kudziletsa ndi kupepesa. Mashehe ndi abusa nawo ali ndi ziphunzitso zambiri za kuleza mtima ndi chifundo, ndipo mawu amodzi ochokera kwa iwo amafika komwe mphunzitsi sangafike.

Mapulogalamu okonzedwa kunja

Alipo ambiri, monga RULER ya ku yunivesite ya Yale, ndipo ena ndi oyesedwa bwino. Amabwera ndi mabuku, zithunzi ndi maphunziro a aphunzitsi. Bungwe likabwera nawo kwaulere, sukulu isakane, koma ifunse mafunso awiri: kodi zili m'chiyankhulo cha ana athu ndi zitsanzo za moyo wawo, ndipo chidzatsale n'chiyani ntchito ya bungwelo ikatha? Tawaona mabuku okongola akudyedwa ndi chiswe mu ofesi ya ahedi alawansi itangoleka. Sukulu yogwiritsa ntchito ndalama zake isayambire pano.

Ndiye tiyambire pati?

Kwa sukulu yapulayimale wamba ya ku Mangochi, ine ndingayambire pa zochita za mphunzitsi tsiku ndi tsiku, makamaka mu Sitandade 1 mpaka 4, pomwe ana akadali ambiri ndipo sanayambe kusiya. M'mera mpoyamba. Ndi njira yokhayo yomwe imafika kwa mwana aliyense, tsiku lililonse, pa nthawi yomwe mkwiyo kapena mantha zikuchitikadi, ndipo mtengo wake ndi choko ndi kudzipereka. Life Skills ibwere pambuyo pake kudzapereka mawu ndi dongosolo pa zomwe ana akuchita kale. Amayi a mother group akhale dzanja lachiwiri, ataphunzitsidwa kumvetsera ndi kudziwa kotumiza nkhani zazikulu.

Sukulu zimasiyana. Ya m'mbali mwa nyanja, komwe vuto lalikulu ndi anyamata kujomba, ipindula kwambiri ikaika mphamvu pa mafumu, makomiti a padoko ndi mpira. Sekondale yoyendera, komwe ana ena amachita lendi okhaokha kutali ndi makolo, ifunika mlangizi wodalirika msanga kuposa pulayimale, chifukwa mavuto a msinkhu umenewo ndi achinsinsi kwambiri. Sukulu yomwe ndodo ikadali yolamulira isavutike ndi china chilichonse isanakonze chimenecho.

Pomaliza pa teremu, ahedi adzafuna kudziwa ngati zikuthandiza, ndipo mayeso olemba sangawauze. Asunge kope limodzi kuyambira sabata yoyamba. Alembemo ndewu zomwe zafika ku ofesi sabata iliyonse, chiwerengero cha ana osabwerera m'kalasi buleki ikatha, atsikana obwerera atabereka omwe afika kumapeto kwa teremu, ndi ana omwe abwera okha kudzanena vuto popanda kuitanidwa. Nambala yomalizayi ikayamba kukwera asadandaule, chifukwa ikutanthauza kuti ana ayamba kukhulupirira akuluakulu a pasukulupo. Kope limenelo alitengere ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, awerenge manambala a teremu ino ndi a teremu yatha, kenako makolo anene okha zomwe akuona kunyumba.